Madzi Amene Sindinamwe

Kuno kwathu ku Kabudula anthu amati ndinabwerako ndi ulesi ku Joni. Ena anabwerako ndi malata, ena njinga zamoto, ine akuti ulesi. Amatero chifukwa dzuwa likangokwera pang'ono, ndimasiya khasu pamzere n'kukakhala pansi pa mango ndi chigubu changa cha madzi. Tsiku lina azakhali anga anakuwa kudimba anthu onse akumva: "Azungu athu atopa, apatseni ambulera!" Ndinaseka nawo. Ndikanatani? Ine chibadwire pakamwa panga mpolemera. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silikuyang'ana m'maso.

Bambo ake a mwana wanga Tadala anapita ku Joni mwanayo ali wakhanda. Anatsatira bambo awo, a Mbewe, amene anakhalako zaka zambiri akugwira ntchito yokonza misewu. Poyamba ankaimba foni. Kenako anasamukira mzinda wina, foni inayamba kubwera patalipatali, mapeto ake zii. Ndi a Mbewe amene anatumiza mawu kwa amayi anga. Anati mwana wawo wawachititsa manyazi, koma mdzukulu asavutike iwo ali moyo. Kuntchito kwawo kunkafunika mkazi woimitsa magalimoto, ndiye ndipite. Tadala anali atangosiya kuyamwa. Ndinamusiya m'manja mwa amayi pa Nsaru akulimbana ndi mandasi, sanacheuke n'komwe.

A Mbewe ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso. Mpongozi ndi mpongozi. Kumudzi ndikawaona akubwera ndinkapatukira kutchire, n'kugwada, moni n'kupatsana aliyense atayang'ana kwake. Tsiku limene anadzandichingamira pa basi, ananyamula chikwama changa n'kutsogola, ine m'mbuyo patali ndithu. Tinayenda choncho pakati pa tauni ya eni, anthu akutiwomba mapewa.

Kumene tinkagwira ntchito kunali kutali ndi mzinda. Dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda mtengo, lopanda chulu, udzu wake wofika m'kakolo. Munthu ukaima umaonekera kutali ngati mtengo wa magetsi. Msewu ankaukonza mbali imodzi, magalimoto n'kumadutsa mbali inayo mosinthana. Ine ndinkaima kumapeto kuno ndi chikwangwani, uku chofiira uku chobiriwira. A Mbewe ankaima kumapeto enawo, kutali koti sitinkaonana. Tinkalankhulana pa kawailesi ka m'manja.

"ANaphiri, yomaliza ndi lole yoyera. Ikadutsa mutsegule."

"Chabwino, bambo."

Mawu athu anali omwewo tsiku lonse. Koma kawailesiko sikanali ka awiri. Kapitawo ankamva, oyendetsa makina ankamva, amuna onse othira phula ankamva. Ena anafika poloweza mawu anga. Ndikangomaliza, wina ankabwereza ndi kamawu kakang'ono, "Shabwino, bambo," anzake n'kufa nazo.

Ndinafika nthawi yozizira. Ndinkayesa kuzizira ndimakudziwa, kuja kwa mu Juni kongotha ndi moto wa zitsononkho. Kumeneko m'mawa udzu unkayera ngati wathiridwa ufa, madzi m'chigubu kuuma gwa. Mphepo yake inalibe choitchinga, inkangobwera n'kulowa m'makutu, m'mano, mpaka m'mafupa. Amuna a phula ankatenthedwako ndi ntchito. Ine ntchito yanga inali kuima. Magolovesi anatipatsa opyapyala, ndipo pofika nthawi yoti magalimoto achuluke zala zinkakhala zitafa, batani la kawailesi ndinkachita kulikanikiza ndi chibwano.

Patsogolo panga pankaima mayi wina wa ku Lesotho, MaThabo, wogwedeza mbendera kuti magalimoto achepetse liwiro. Anali wamkulu thupi, wofunda bulangete pamwamba pa ovalosi. Dzina langa linamukanika, ankangonditcha Malawi. Chinenero chake ndinkangotolamo apo ndi apo, koma manja ake ankamveka bwino.

M'mawa wina tinakoleza moto m'chitini. Ndinafikitsa manja pamalawi penipeni, osamva kalikonse, n'kumafikitsabe. MaThabo anandimenya pamkono, phaa! Anandionetsa golovesi langa likufuka utsi, nsonga zitasungunuka. Anandikalipira mawu ambirimbiri, kenako anandivula magolovesiwo n'kulowetsa manja anga m'khwapa mwake, n'kupana. Magazi atayamba kubwerera, zala zinawawa ngati akuzibaya ndi singano zamoto. Ndinalira ngati mwana. Iye ankangoseka, "Malawi, Malawi," osandimasula. Ndiye anandiphunzitsa kuika nyuzipepala pachifuwa, kuvala masokosi awiri n'kusintha akanyowa, ndi kupondaponda osaima chilili. Ngakhale zinali choncho, zala ziwiri za phazi lamanzere mpaka lero sizimva bwino. Minga imandibaya osadziwa.

Panali china chimene MaThabo ankandichitira, ndipo ndicho chovuta kulemba. Chimbudzi chinali chimodzi, chapulasitiki, ndipo chinkayenda ndi gulu la amuna a phula, pakati pa msewu, kutali ndi ife. Lamulo linali lakuti woimitsa magalimoto asachoke pamalo pake. Ukafuna kutaya madzi, unene pa kawailesi, atumize munthu wodzakugwirira ndi galimoto yodzakutenga. Ife sitinkatero. Magalimoto akachepa ndinkangomuyang'ana MaThabo, iye n'kubwera, n'kutambasula bulangete lake m'mbali mwa msewu, maso ali pa chikwangwani. Nthawi yake ikakwana, ine ndinkamugwirira chitenje. Monga momwe timachitira amayi basi ikaima panjira. Panalibe wouzidwa, panalibe wodziwa.

Kutentha kutayamba MaThabo anamusamutsira ku msewu wina. Sanatiuze n'komwe. Ndinangofika m'mawa n'kupeza pamalo pake aikapo chidole chapulasitiki, chovala ovalosi ndi chipewa, chogwedeza mbendera ndi batire. Amuna anachiseka, anachipatsa dzina, wina anachiika ndudu pakamwa. Ine ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Chidole sichigwirira munthu chitenje.

Kwathu kuno dzuwa timalilemekeza. Timalawirira kumunda, likafika poswa mtengo taweruka, tili pamthunzi. Kumeneko amalemekeza wotchi. Dzuwa linkawomba kumutu, phula latsopano n'kumawomba kuchokera pansi, jombo kumamatirira ukamasuntha. Ambulera yaikulu imene anandipatsa inathyoka ndi mphepo sabata yoyamba, ina sinabwere. Ovalosi inali yokhuthala, ndipo pamwamba pake ndinkamanga chitenje. Kapitawo ankandiloza n'kupukusa mutu, koma ine kuima ndi thalauza lokha pamaso pa apongozi sindikanatha.

M'mawa uliwonse tisanakwere lole, bambo wina woona za chitetezo ankatilankhula, n'kutisainitsa papepala. A Mbewe ankandimasulira ataima chammbali, akuyang'ana kumapazi kwawo.

"Akuti tizimwa madzi pafupipafupi. Tisadikire ludzu. Akuti mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tinene msanga."

Tsiku lina bamboyo anabwera ndi chithunzi cha mabotolo ang'onoang'ono, woyamba woyera, enawo kumka nadera mpaka womaliza wofiirira. Ankaloza n'kumalankhula, amuna akugundana zigongono. A Mbewe anakhosomola.

"Zinazo muonera pachithunzipo, aNaphiri."

Ndinaona, ndipo ndinamva. Unali mtundu wa madzi amene munthu amataya. Woyera uli bwino, wofiirira thupi lauma.

Tsiku loyamba lopanda MaThabo ndinamwa madzi monga mwa masiku onse. Pofika masana zinthu zinandivuta. Ndinayang'ana uku ndi uku: mzere wa magalimoto, anthu atatsitsa magalasi akundiyang'ana, kuseri kwake dziko lopanda ngakhale chitsamba. Ndinapirira, ndinapondaponda, ndinapemphera. Kenako ndinakanikiza batani.

"Bambo."

"Ee, aNaphiri?"

Wina anabwereza ndi kamawu kake kaja, "Bambooo." Ndinamva kuseka.

"Palibe, bambo. Ndimati ndimve ngati kawailesi kakugwira."

"Kakugwira."

Ndinapirira mpaka poweruka. Pa lole, bampu iliyonse inkandituluka misozi. Tsiku lomwelo ndinapanga nzeru yanga: m'mawa osamwa tiyi, kuntchito osamwa madzi, ndizikamwa ndikafika kogona. Ndinaona ngati ndachenjera.

Ndinakhala choncho masabata ambiri. Milomo inang'ambika. Mutu unkawawa kuyambira masana, ndikafika kogona akatumba a miyendo ankakokana mpaka ndinkaluma pilo. Ludzu likakula ndinkaika kamwala pansi pa lilime. Madzi anga anafika pa botolo lomaliza la pachithunzi chija, ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ankatuluka ochepa. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Musaganize kuti sindinkadziwa. Koma m'mawa uliwonse ndinkasainabe papepala, n'kulandira botolo langa lalikulu la madzi, madzulo n'kulibweza m'kireti lili lodzaza. Amene ankatsuka mabotolo ndi kuwadzazanso anali a Mbewe.

Lamlungu ndinkaimba foni kumudzi. Amayi anandifunsa, "Kodi mawu akowa akuuma bwanji? Ukudwala?" Ndinati ndi fumbi. Anamuika Tadala pafoni, iye n'kungopuma, kenako ndinamumva akufunsa agogo ake, "Ndani?" Ndinadziuza kuti ndipirire chaka chimodzi chokha, mwanayu adzakhale ndi poyambira.

Tsiku limene ndinagwa kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. Patsogolo msewu unkaoneka ngati pali madzi akuvina. Masana atapitirira ndinadabwa kuti thukuta lasiya. Khungu linali louma, ndipo ndinayamba kumva kanyontho m'thupi, tsemwe m'mikono. Ndinati mumtima, lero kwakhalako bwino. Mawu a pa kawailesi ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Ndinamva a Mbewe akuti nditsegule, ndipo ndinatembenuza chikwangwani.

Sanatero ayi. Anati ndidikire, kukubwera lole ya miyala.

Zotsatirazi anachita kundiuza. Magalimoto anga analowa, n'kukakumana ndi lole ija pakati. Woyendetsa galimoto yoyamba anakhotetsa n'kulowa m'phula lonyowa, ina inagwera m'ngalande. Mulungu yekha, panalibe wofa. Anthu atathamangira kwa ine kuti andikalipire, anandipeza nditakhala pansi ndikumasula zingwe za jombo, ndikulankhula ndi Tadala kuti abwere ndimusambitse.

A Mbewe anafika pa galimoto ya kapitawo. Atandigwira pamphumi anati ndinkatentha ngati chiwaya. Ankadziwa kuti ovalosi iyenera kuchoka, koma manja awo anakana. Anapita pa mzere wa magalimoto n'kugogoda mpaka anapeza mayi wina amene anavomera kutsika. Mayiyo ndiye anandivula n'kundithira madzi thupi lonse, kuyambira ndi a m'botolo langa lomwe lija. A Mbewe anatola chitenje changa, anachitambasula ndi manja awiri kuti chinditchinge dzuwa ndi maso a anthu, iwo atatembenukira kumbali. Akuti anaima choncho mpaka ambulansi inafika.

Ndinatsitsimukira kuchipatala, diripi ili pamkono. Dokotala anati impso zanga zavulala, zinakhala nthawi yaitali zikugwira ntchito popanda madzi. Anati zikhoza kuchirako, koma osati kubwerera mwakale. Pachipatala ponse panalibe wodziwa Chichewa, ndiye womasulira anali a Mbewe, ataima kuseri kwa katani. Namwino wina wachikulire anafunsa funso, n'kulibwereza. Apo m'pamene a Mbewe anamasulira.

"Akuti madzi analipo. Akufunsa kuti simunkamwa chifukwa chiyani."

Ndinatembenukira kukhoma. Namwino anadikira. Ndinayankha khomalo.

"Ndikamwa ndimafuna kutaya madzi. Chimbudzi chinali kwa amuna. Kuti ndipiteko, ndimayenera kuuza inu, pa kawailesi, onse akumva."

Anamasulira ndi mawu otsika. Namwino anawomba m'manja kamodzi, analankhula mokweza, sindikudziwa ngati ankakalipira ine kapena kampani, n'kutuluka. Tinatsala awiri, katani ili pakati.

"ANaphiri."

"Bambo."

"Botolo lanu ndinkaliona. Tsiku ndi tsiku ndinkalikhuthula ndine. Ndinkadziwa chifukwa chake. Ndinkati mawa ndinena, mawa ndinena. Koma ndikanayamba bwanji, ine kwa inu?"

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa kuti ndikwiyire ndani. Anthu awiri akuluakulu, wina kuno wina uko, kawailesi kali m'manja tsiku lonse, kulemekezana mpaka wina kutsala pang'ono kufa.

Kapitawo anabwera patapita masiku atatu ndi mapepala aja ndinkasaina. Anati madzi ankaperekedwa, malangizo ankaperekedwa, dzina langa ndi ili, ndi ili, ndi ili. Anati ndinatsegula msewu popanda chilolezo, ndiye ntchito yatha. A Mbewe anayesa kunena za chimbudzi, za ambulera yothyoka, za mkazi mmodzi pakati pa amuna. Kapitawo anayankha kuti palibe tsiku limene ndinapempha n'kukanizidwa. Ndipo sankanama. Kenako anawakumbutsa a Mbewe kuti nawonso akalamba, ofuna malo awo ndi ambiri. A Mbewe nkhaniyo anaisiyira pomwepo. Sindiwaimba mlandu.

Anandiperekeza pa basi monga anandichingamira, iwo patsogolo ndi chikwama, ine m'mbuyo. Basi isananyamuke anabwera pawindo n'kundipatsira botolo la madzi. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Muzimwa. Basi ikaima, amayi anzanu alimo."

Kumudzi Tadala anabisala kuseri kwa agogo ake, anatenga mwezi kuti anditchule amayi. Achibale anayang'ana chikwama changa, anayang'ana ine, nkhani inathera pomwepo. Ndinangowauza kuti ndinadwala. Chifukwa chake chenicheni ngakhale amayi sindinawauze. Kuchipatala ndimapita kamodzi pa mwezi kukayezetsa, ndipo malangizo ndi omwewo: madzi ambiri, dzuwa ayi. Msana umawawa m'munsimu, mapazi nthawi zina amatupa. Umenewo ndiwo ulesi umene azakhali amanena.

Mwezi wa Okutobala wapitawu ndinali pa kabaza kuchokera kuchipatala, masana dzuwa lili pamutu. Tinapeza akukonza kamlatho, msewu atautseka mbali imodzi. Panaima mtsikana wa msinkhu wanga uja, ovalosi, chipewa, mbendera yofiira m'manja. Pafupi ndi phazi lake panali botolo la madzi. Ndinaliyang'ana. Linali lodzaza mpaka pakhosi, chivindikiro chosatsegula.

Ndinauza wakabaza kuti aime.

"Mwagwetsa chiyani, mayi?"

"Palibe. Dikirani."

Ndinapita kwa mtsikanayo. Milomo yake inali yoyera, yong'ambika.

"Mwaswera bwanji, asisi? Madziwa bwanji simukumwa?"

"Ndili bwino, amayi. Ndilibe ludzu."

"Kotaya madzi mumapita kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Kenako anayang'ana kumene kunali amuna akukanya simenti, n'kugwetsa maso pansi. Ndinadzidabwa ndekha. Ine amene sindiyamba kulankhula ndi mlendo.

"Patseni mbenderayo. Ntchito iyi ndimaidziwa, ndinaigwira ku Joni. Chulu ndi icho. Tengani chitenje ichi."

"Akapitawo akandiona?"

"Adzafunse ine."

Wakabaza anakuwa, "Mayi inu, mwapeza ganyu eti? Ine ndiye mundilipira ya kudikira!"

Mtsikana anazengereza, kenako anandipatsa mbendera n'kuyenda mofulumira, mayendedwe amene ndimawadziwa. Ndinaimitsa ngolo ya ng'ombe, ndinadutsitsa njinga ziwiri. Dzanja linali lisanaiwale. Kapitawo anabweradi, bambo wa mimba yake, akupukuta thukuta.

"Inu ndinu ndani? Mwini wake ali kuti?"

Ndinakumbukira tsiku lija pa kawailesi. Ndinayang'ana botolo lija.

"Wapita kukakodza, bambo. Ndi munthu. Kuyambira m'mawa sanamwe madzi chifukwa alibe kopita, alibe womugwirira. Mukufuna adzagwe pano?"

Amuna a simenti anasiya mafosholo. Wakabaza anati, "Heee!" Kapitawo anakanda m'mutu.

"Nanga iyeyo bwanji osanena?"

Anabwerera kumene anachokera akung'ung'udza.

Mtsikana atabwera ndinamupatsa mbendera yake, n'kutsegula botolo ndi manja anga. Anamwa osapuma, madzi akuyenderera m'khosi, mpaka linatha ndili pompo. Anafuna kubweza chitenje, ndinati asunge. Ndinakwera kabaza mutu utayamba kale kuwawa ndi dzuwa lija.

Za mawa lake sindikudziwa. Njira imeneyo ine ndimadutsa kamodzi pa mwezi.